Khutu, Mphuno, Bondo

Pa 9 Febuluwale

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, makamaka miyendo ija ndi kuthamanga kwa magazi. Ife kuno tili bwino, ngati kungodzuka m'mawa n'kukhala bwino. Mzime wanu Kamanzere akupereka moni. Wanenepako masaya, koma musamuuze, angaleke kudya.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Chipinda chathu ndi chimodzi, bedi limodzi, ndipo mwana wanuyo makutu ake ndi akuthwa. Pafoni ndimangoti tili bwino chifukwa amakhala ali pambali pangapa akumanga bandeji pachala. Papepala ndingathe kunyoza momasuka. Ndapatsira adalaivala a basi aja, pamodzi ndi kangachepe. Muyambe mwagula mankhwala, chotsalacho mukonzetse denga la kuchipinda kwanu. Amalume asagwireko. Munthu amene anaimirira pamaliro a bambo n'kumanena kuti tenisi ndi masewera a anthu okhuta asadye za tenisi.

Nkhani ndi iyi. Mwana wanu tsopano ndi wosewera wolembedwa. Wapambana koyamba pampikisano wolipira, ndipo dzina lake lalowa pamndandanda wa osewera a dziko lonse lapansi. Nambala yake ndi yaitali ngati ya foni, koma ilipo. Mphoto yake atachotsa msonkho inakwanira zingwe za raketi ndi nthochi. Ine ndikadali kochapira zovala za hotela, ndikusita nsalu za pabedi za anthu osadziwa kuyala okha. Aneba athu a Wailesi akasuzumira pampanda kufunsa kuti mwana wanu wa kuyunivesite uja akugwira ntchito yanji, muwauze kuti ndi manijala wa wosewera. Si bodza. Ndine manijala, kochi, wochapa, wophika komanso wonyamula chikwama. Zaka ziwiri zimene ndinaphunzira zamalamulo zimandithandiza kuwerenga pepala la lendi.

Dzulo tikutuluka m'bwalo mvula inawaza, dothi lofiira lija n'kununkhira ndendende ngati la kukalabu kwathu kuja. Ndinaima chilili. Ndinaona bambo akukoka chigudumu chosalazira bwalo, mapazi ali mbuu ndi laimu wolembera mizere, akuimba mluzu wopanda nyimbo. Mukukumbuka mmene tinkabera bwalo masana, mabwana atapita kukadya? Nyumba ya amanijala inali kuseri kwa mpanda. Kulira kwa mpira ankayesa mamembala, koma mawu a ana akanatiulula, bambo n'kuchotsedwa ntchito. Ndiye ankati, "Ana a wosesa bwalo akamasewera, pakamwa tseka. Ulankhule ndi mpira." N'chifukwa chake anatipangira chilankhulo cha manja. Akagwira khutu, menya kumanzere kwa mdani. Akagwira bondo, kumanja. Akagwira mphuno, mulunjike pathupi. Akavula chipewa, thawani, amanijala adzuka.

Bambo atapita, manja aja anasiyira ine. Mpaka lero Kamanzere asanaponye mpira m'mwamba kuti aseve amayamba watembenuka kundiyang'ana. Ine ndigwira khutu, iye amenya. Atsikana a kuno ali ndi makochi oyenda ndi makompyuta, ife tili ndi khutu la malemu, ndipo tikuwakwapula.

Musadandaule za ife. Muzidandaula za denga.

Ndine mwana wanu wamkulu.


Pa 27 Malichi

Amayi,

Landirani moni wa ana anu awiri. Ndamva kuti chifuwa chinakugwirani. Musamangodalira madzi otentha, pitani kuchipatala. Ife tili moyo. Manja anga akusupuka ndi sopo wa makina, koma manja a wochapa sawerengedwa m'gulu la matenda.

Tinapita kumpikisano wa mumzinda wina, ulendo wa basi wa tsiku lonse. Anzake anatsika ndege ndi zikwama zodzaza maraketi. Ife maraketi ndi awiri, ina ndi yong'aluka pakhosi yomwe ndinamata ndekha. Siketi yoyera ndi imodzi, ndimaichapa m'sinki n'kuiumitsa ndi ayironi yobwereka. Ndikamaichapa ndimakumbukira siketi yake yoyamba, ija munasoka ndi katani yotayidwa ya kukalabu. Inali ndi maluwa achikasu m'mphepete, ndipo ankazungulira nayo ngati mwana wa nduna.

Koma anadutsa ndime ziwiri, Amayi. Mdani wachiwiriyo anali mtsikana wamtali ngati mlongoti, wobuula ngati akubereka nthawi iliyonse akamenya mpira. Wanu sabuula. Anakulira m'bwalo lakuba.

Pandime yachitatu zinavuta. Woimbira, uja amakhala pampando wautali ngati akuingitsa mbalame m'munda, anaimitsa sewero n'kuloza ine. Akuti pampikisano umenewo salola kulangiza wosewera ali m'bwalo.

Ndinati, "Bambo, khutu ndi langa, likuyabwa."

Iye akuti, "Ndiye likayabwire kunja."

Anthu anaseka, ine n'kutuluka ndi chikwama changa. Zotsatira zake ndinaonera pakabowo ka mpanda. Mwana uja anangosungunuka. Ankayang'ana uku ndi uku ngati kamwanapiye koti make watengedwa ndi mphamba, mipira yonse ikuthera muneti. Anagonja mochititsa manyazi. Ine ndikuti woimbira ameneyu anadya kanthu.

Ndili pampandapo panabwera mayi wina wa imvi, wa magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo, akutafuna mtedza. Ife tamutcha Mayi Magalasi. Akuti paunyamata wake ankasewera, tsopano ali ndi sukulu ya tenisi kutsidya kwa nyanja. Popanda ndi moni yemwe anati, "Khutu ndi kumanzere, bondo ndi kumanja. Nanga mphuno?"

Ndinati, "Mphuno ndi yopumira."

Anaseka mpaka kutsamwa ndi mtedza. Kenako anati, "Ngati ine wakhungu ndazindikira tsiku limodzi, adani ake azindikira chaka chisanathe." Anandipatsa kakhadi ka foni yake. Ndakaika pansi pa mwendo wa tebulo, linali logwedezeka.

Ulendowu wandidyera masiku kuntchito, choncho mwezi uno zachepa, mundikhululukire. Abwana a kochapira akuti akhoza kundimvetsa ndikamawamvetsanso iwo. Zina sizilembedwa. Ndinawayankha, ndipo mukundidziwa.

Mwana wanu.


Pa 14 Meyi

Amayi wanga,

Ndikhulupirira kuti chifuwa chija chinatha. Kuno kwayamba kuzizira, ndipo zenera lathu silitsekeka, koma awiri pabedi limodzi safa ndi mphepo.

Mayi Magalasi watipeza. Sindikudziwa amene anamulozera. Anakwera masitepe onse aja akupumira m'mwamba, n'kukhala pabedi, poti mpando wathu umodzi pamakhala sitovu. Ndinamupatsa tiyi m'kapu yopanda chogwirira. Mwadala.

Anati, "Mng'ono wanuyu ali ndi dzanja losowa. Koma mutu wake uli pakhosi panu."

Ndinati, "Ndiye uli pabwino."

"Ndikumufuna kusukulu kwanga. Chakudya, pogona, madokotala, maulendo, maraketi, zonse ndi za ife. Koma malo ndi a munthu mmodzi. Bedi limodzi."

"Nafenso pano bedi ndi limodzi, timakwanapo."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana ndi timaso tating'ono. "Ngakhale ndikanakhala ndi mabedi khumi, inu sindikanakutengani. Wosewera amakhala yekha m'bwalo. Uyu sanakhaleko yekha chibadwire. Mu Julayi kuli mpikisano mumzinda mwanu muno. Asewere mpando wanu uli wopanda munthu. Sindikuti apambane. Ndikufuna ndione ngati muli munthu m'katimo. Akakhalamo, ndimutenga."

Amayi, magazi anandiwira. Ndinamufunsa kuti anali kuti pamene ndinkabereka mwanayu kumbuyo ndikutola mipira ya mabwana m'maluwa. Anali kuti pamene aphunzitsi ankamumenya ndi rula kuti aleke kulemba ndi dzanja lamanzere, ine n'kupita kukawauza kuti dzanja limenelo lidzawadyetsa manyazi? Anali kuti pamene ndinalongedza mabuku anga pakati pa chaka, anzanga akulowa m'kalasi, chifukwa mwana wamkazi wa msinkhu uwu sakanawoloka malire yekha? Anthu awa amadikira chimanga chiche ndiye abwere ndi dengu.

Anangomva zonsezo akumwa tiyi wanga. Pomaliza anati, "Sindinalipo. Inu munalipo, ndipo mwachita ntchito yaikulu. Ndiye ntchitoyo mukufuna ithere m'chipinda chino?"

Apo Kamanzere, amene nthawi yonseyi anali pakona akukanda chithendene, anadzutsa mutu. Anati, "Popanda asisi ine sindipita kulikonse."

Sindikunamizani, mtima wanga unavina. Ndinatsegulira mlendo chitseko ngati mfumukazi.

Atapita tinakazinga mazira, tinadya mkate wonse wa mawa, n'kuyamba kukumbutsana zakale. Tsiku lija amanijala anatulukira mwadzidzidzi, bambo n'kuvula chipewa, ife n'kubisala m'chimbudzi cha mabwana, Kamanzere n'kutsegula mpopi wa madzi otentha koyamba m'moyo wake n'kukuwa. Mmene inu munkabwerera ndi fulasiki ya tiyi n'kukhala pachipata ngati mukuluka, chonsecho mukulondera. Tinaseka mpaka eni nyumba anagogoda khoma. Masiku amenewo tinalibe kanthu, koma aliyense ankadziwa pokhala pake.

Ndamva kuti amalume akufuna njinga ya bambo. Auzeni kuti mwini wake akadzabwera kudzawapatsa yekha, atenge.

Ine wanu.


Pa 8 Juni

Amayi,

Moni. Tili bwino. Kalata yanu yafika, ndi mwambi wake womwe. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, mwatero. Chabwino. Nanga ng'onayo ikachoka, amene anakumba dziwe atani? Amwe matope? Inu simunawaone Mayi Magalasiwo. Mwangomva mawu akuti sukulu, pompo n'kuvomera. Inenso ndinapitako kusukulu yaikulu, taonani kumene ndili.

Ndinakwiya nanu sabata yathunthu. Kenaka ndinati ndikutsimikizireni kuti mukulakwa, inu ndi Magalasi wanuyo.

Pali bwalo laulere pafupi ndi njanji, la simenti yong'ambika, kumene timakonzekera. Pamabwera mayi wina wogwira ntchito kubanki amene amasewera ndi Kamanzere kuti achepetse mimba. Munthu woti Kamanzere angamugonjetse atavala matumba kumapazi. Tsiku limenelo ndinakhala pabenchi n'kupisa manja m'khwapa.

Mwana wanu anadunda mpira pansi, n'kundiyang'ana. Anadundanso, n'kundiyang'ananso.

"Asisi, mwadwala?"

"Seva."

"Kuti?"

"Kumene ukufuna."

Anaima, raketi ili lende. Sitima inadutsa, iye ali chiimire. Kenako anati, "Ine ndikufuna kumene mukufuna inuyo."

Mayi wa kubanki anaseka, akuyesa nthabwala. Ine sindinaseke. Mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, amene mpira wake umathyola zingwe, sadziwa mbali imene akufuna. Bambo anapanga zizindikiro zija kuti tibisale kwa amanijala. Amanijalawo anamwalira kalekale, kalabu anaigwetsa n'kumangapo masitolo, koma ife tikubisalabe.

Musati ndavomera kuti munalondola. Ndangoti ndaona. Kakhadi kaja ndakachotsa pansi pa tebulo, tsopano likugwedezekanso.

Mankhwala musadumphitse.

Wamkulu wanu.


Pa 21 Julayi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse otifunira zabwino, ngati alipo. Ife thupi lili bwino.

Mpikisano uja wachitika. Ndinadziwa kuti ndikangofika pafupi ndi bwalo manja anga andipereka, choncho ndinapempha ntchito tsiku limenelo. Abwana anadabwa, poti ine ndi kupempha sitigwirizana. M'mawa Kamanzere ndinamumangira nsapato ngati kale, ndinamuikira nthochi ndi madzi m'chikwama, n'kumuuza kuti ndibwera mochedwerapo. Anandiyang'ana. Anadziwa.

Tsiku lonse ndinali m'nthunzi, pakati pa makina, ndikupinda matawulo. Mnzanga wa patebulo lositira anandifunsa kuti, "Iwe, khutu lakolo latani? Ukungoligwiragwira." Ndinapsereza pilo ya hotela. Andidula pamalipiro, ndiye mwezi uno muyembekezere zochepa.

Ndikuweruka ndinapeza Mayi Magalasi pachipata cha antchito, atakhala pa kreti. Anangondipatsa foni yake mmene anajambulamo sewero lonse, ndipo ndinaonera pompo nditaimirira, anthu akundigunda mapewa.

Seti yoyamba mwa zigawo zitatu za sewerolo inali maliro. Mwana wanu ankati akadunda mpira n'kuyang'ana mpando wopanda munthu. Pampandopo wina anaikapo ambulera. Ankayang'ana ambulera, Amayi. Anagonja setiyo osaonetsa ndi mano omwe. Popuma anadziphimba kumutu ndi tawulo nthawi yaitali, ine n'kuti basi, tabwerera kuchipinda chathu, ndipo sindikuuzani kuti mtima wanga unamva chiyani.

Atavula tawulo sanayang'anenso kumbali. Anayamba kuchita zinthu zimene sindinamuuzepo. Mukukumbuka kampira kofewa kongogwetsera kuseri kwa neti, kamene bambo ankakaletsa? Ankati ndi mpira wa aulesi, munthu woona amamenya mwamphamvu. Inenso ndakhala ndikukaletsa. Anakagwetsa. Mdani anathamanga mpaka kugwa chafufumimba. Anakagwetsanso. Mdani atayamba kuyandikira, anamuponyera pamwamba pa mutu. Ankathamangira kuneti ngati wakuba, kumene ine ndimati asapiteko. Penapake anaseka yekha pakati pa bwalo. Sindikumbuka tsiku limene ndinamuona akuseka akusewera. Anatenga maseti awiri otsalawo.

Ndinabweza foni n'kunena kuti, "Phazi lake lakumbuyo likuchedwa."

Mayi Magalasi anati, "Likuchedwadi. Tikalikonza. Ndamutenga."

Kuchipinda ndinapeza Kamanzere ataviika mapazi m'beseni. Ndinati, "Kampira kaulesi kaja unakaphunzira kuti?"

"Kukhoma la kuseri. Mukapita kuntchito."

"Chiyambire liti?"

"Kalekale, asisi. Ndinkaopa kuti mukalipa."

Ndiye mwana amene ndimati ndimamudziwa ngati chikhatho changa anali ndi tenisi yakeyake yobisa, ngati mmene ife tinkabisira amanijala. Tsopano amanijala ndi ine.

Tsiku lotsatira anagonja kwa mtsikana wodziwa kwambiri, koma anagonja ataima. Panalibe womuchitira chisoni.

A Wailesi muwauze kuti anapambana. Zinazo n'zathu.

Mwana wanu.


Pa 19 Ogasiti

Amayi,

Moni, ndipo pepani kuti ndakhala chete. Moyo ulipo.

Mapepala ake atuluka, tikiti yafika, malo akumusungira mpaka kutha kwa mwezi uno. Akapanda kupita apatsa wina, poti ana ofuna bedi limenelo ndi ambiri. Koma mwana wanu wakana. Akuti anasewera yekha kamodzi kuti andichotse manyazi pamaso pa mayi uja, basi. Akuti sangadye nyama kutsidya kwa nyanja ine ndikudya nthunzi kuno. Wafika pofunsa mnzanga ngati kochapira kuli malo. Dzanja limenelo, Amayi, likapinde matawulo!

Ndamunyengerera. Ine, kunyengerera munthu. Ndamuuza kuti ndizimuimbira foni, kuti chaka si kanthu, kuti bambo akanasangalala. Amangoti, "Bambo anati tisasiyane." N'zoona, anatero, kuchipatala kuja, atagwira dzanja langa ndi lake. Koma bambo ankanena za ana awiri opita kusukulu kudutsa msewu waukulu.

Inunso mwalankhula naye pafoni, ndinamva. Anakuyankhani mwaulemu n'kupitiriza kusenda anyezi. Ndimati wouma mutu m'banja mwathu ndi ine ndekha.

Masiku ano ndimangokumbukira ali wakhanda, mmene ankagonera atagwira chala changa, ndikachichotsa n'kudzuka. Munkati ndimusiye alire, azolowere. Sindinkamusiya.

Denga lija munati latha kukonzedwa, koma simunanene ngati likudonthabe.

Ine.


Pa 6 Sepitembala

Amayi wanga okondedwa,

Ndikufunirani moyo wabwino. Ine ndilipo. Bedi lakula.

Kamanzere wapita. Anafika bwino, Mayi Magalasi wanditumizira uthenga. Akuti akudya, akusewera, salankhula kwambiri. Kwa ine sanaimbe, ndipo saimba msanga. Ndikufuna mumve kwa ine mmene zinayendera, musanamve kwa iye.

Linali Lamulungu masana, masiku atatsala ochepa. Ndinabwera kuchokera kumsika n'kumupeza akusita yunifolomu yanga ya kuntchito, akuyeserera mapindidwe a hotela. Anati, "Taonani asisi, ndatha. Mawa mukandionetse kwa abwana anu." Kwa abwana aja, Amayi. Aja ndinati zina sizilembedwa.

Kunyengerera kunali kutandikanika. Ndinatsala ndi chida chimodzi chimene Mulungu anandipatsa mosaumira. Ndinakhala pansi n'kutsegula pakamwa.

Ndinamuuza kuti ndatopa kumusenza. Ndinati anzanga amene ndinkawaposa m'kalasi lero akuimirira m'makhoti atavala mikanjo, ine ndikuchapa siketi ya munthu wamkulu m'sinki. Ndinati sindinakhale naye chifukwa chomukonda, koma chifukwa panalibe wina womutula. Ndinati tsopano wapezeka wopusa wofuna katunduyu, ndiye iwe ukuti ukhale, undidyenso zaka zina? Ndinati, "Ukuyesa ukundichitira chifundo? Chifundo chako n'chimene chandikalambitsa. Nyamuka, ndipumeko."

Anazimitsa ayironi bwinobwino, n'kuiimika. Anati, "Mukunama, asisi."

Ndinamuyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Unandionapo ndikunama?"

Pa nkhani zazikulu sanandionepo. Ndiye anakhulupirira.

Sanalire pamaso panga. Anatulutsa chikwama pansi pa bedi n'kuyamba kulongedza. Masiku otsalawo tinkagona mofulatirana, aliyense kumphepete kwake. Tsiku lonyamuka ndinamunyamulira chikwama mpaka pokwerera basi ya kubwalo la ndege. Anachilandira n'kunena kuti, "Zikomo pa zonse. Pepani kuti ndinakulemetsani." Ngati akutsanzika eni nyumba ya lendi. Mawu akuti asisi sanatuluke.

Theka la zimene ndinanena linali bodza. Musandifunse kuti theka liti, nanenso ndikaganiza limasinthasintha.

Musandiuze zobwerera kunyumba. Sindinakonzeke kudutsa pampanda wa a Wailesi ndi chikwama chimodzi. Kochapira ndachokako, ndapeza malo kwina, kotsuka mbale. Madzi ndi omwewo. Kangachepe kali m'kalatamu, mugule mankhwala.

Tsopano mvetsetsani, chifukwa ichi n'chimene ndalembera. Kamanzere akuimbirani. Mwina sabata ino, mwina ya mawa, tsiku limene zamuvuta, atagonja kapena atasowa wolankhula naye. Adzalira, adzati mkulu wake ndi munthu woipa mtima, anamuthamangitsa ngati galu. Ndikukudziwani, Amayi. Mudzafuna kuyanjanitsa ana anu. Mudzafuna kunena kuti sanatanthauze zimenezo, amakukonda, bedi lamukulira. Musayerekeze. Mudzati, "Eya mwanangu, mkulu wakoyo ndi wotero, pakamwa pake timapadziwa tonse. Iwe limbikira kumeneko." Sizikuvutani, umboni ulipo wambiri.

Mukanditeteza, mwana ameneyu akwera ndege n'kubwerera. Adzagogoda pachitseko ichi ndi chikwama chake, ndipo ine ndidzatsegula. Mphamvu zomuthamangitsa kachiwiri ndilibe.

Ndine mwana wanu wamkulu,
uja wa pakamwa.